Tinamuveka Ngati Wankhondo Wake

Ine ndimasunga chakukhosi. Amayi amati ndinatengera kuchimuna, chifukwa kwawo munthu amakwiya m'mawa, pofika masana wayamba kale kuseka. Kaya ndinatengera kuti, koma zimene msuweni wanga anawachita achemwali anga ndinazisunga miyezi inayi, ndipo tsiku lobwezera litafika ndinabwezadi.

Tinabadwira pa pulazi ya fodya kufupi ndi Darwendale, m'komboni momwe agogo anafikira atachoka ku Malawi. Kwa amayi tilipo awiri, ine ndi achemwali. Iwo ndi amasiye, amuna awo anamwalira n'kuwasiya ndi ana awiri, ndipo nthawi imeneyo ndiwo ankayambitsa nyimbo kutchalitchi. Mlaliki akangokhala pansi, tchalitchi chonse chinkatembenukira kwa iwo kudikira kuti atsegule pakamwa. Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndiponso chipsera pa nsidze ya kumanzere, pomwe waya wa m'balani youmitsira fodya unawacheka ali aang'ono. Nkhope yawo sungaisokoneze ndi ya munthu wina. Ine kuimba ayi, mawu anga amathawitsa nkhuku. Changa ndi kujambula. Ndinaphunzirira pa mapepala okutira mabelo a fodya, ndi makala a m'ng'anjo, ndipo nkhope imene dzanja langa linaizolowera kuposa zonse ndi ya achemwali.

Msuweni wangayo ndi mwana wa malemu amalume. Iye anakulira ku Harare, kupulazi ankangobwera pa maliro ndi pa Khirisimasi, atavala nsapato zoyera. Chaka chimenecho anabwera mu Ogasiti, fodya akadali ku nazale, atanyamula laputopu. Anati iye ndi anzake awiri akupanga gemu ya pafoni. M'gemumo muli mkazi wankhondo amene akuyenda m'mapiri a ku Mutorashanga kulimbana ndi zilombo zotuluka m'migodi. Zoti munthu azithamanga ndi kudumpha pafoni ankazidziwa, koma kujambula kunkamukanika. Anandipempha kuti ndimujambulire mkaziyo, ndipo ine ndinasangalala kwambiri. Palibe amene anali atandipemphapo chojambula kuti chikafike kutauni.

Sindinavutike kuganiza kuti wankhondo amavala bwanji, chifukwa kwathu kuno mkazi wolowa m'fodya timamudziwa. Amavala buluku mkati, siketi pamwamba, chitenje pamwamba pa siketi. Malaya akhale a mikono yaitali. M'manja timavala masokosi akale odula kunsonga kuti zala zituluke, kumutu duku ndi chipewa, kumapazi majombo. Kukakhala mame, timaboola thumba lapulasitiki malo otulukira mutu ndi mikono n'kulivala pamwamba pa zonsezo. Sitikongola, koma timabwerako amoyo. Ndiye wankhondo wanga ndinamuveka chimodzimodzi, kungoti zake zinali zachitsulo. Chapachifuwa chinafika m'khosi, mikono ndi maondo zinaphimbika, chishango ndinachitengera pa chimbale cha pulawo ya thirakitala. Nkhope ndinaika ya achemwali, mpata wa mano ndi chipsera chomwe. Nditawaonetsa anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti bwenzi atavala zimenezo tsiku limene apongozi awo anabwera kudzalanda katundu wa malemu amuna awo.

Msuweni anatenga mapepalawo n'kubwerera ku Harare. Panapita miyezi iwiri.

Tsiku lina mu Okutobala ine ndi achemwali tili pa mjigo, woyendetsa thirakitala wina anadutsa n'kuimba mluzu.

"Asisi, ko zitsulo zija mwazisiya kupi lero?"

Sitinamve chimene ankatanthauza. Ndinakachimva madzulo ake patakishopu, kagolosale ka m'komboni, pomwe amuna amasiya mafoni kuti alowe moto wa sola. Ndinapeza atazungulira foni imodzi. Ndinailanda. Pa galasi panali wankhondo wanga, koma atamuvula. Pachifuwa anamusiyira tizitsulo tiwiri tonga zotsekera mapoto a ana. M'chiuno munali kalamba ndi kansalu kosakwana kupukutira mphuno. Mimba pamtunda, ntchafu pamtunda, majombo aja atasanduka nsapato za zidendene zazitali. Mnzake wina wa msuweni anali atachikonzanso pa kompyuta n'kuchipaka mitundu mpaka khungu kumawala ngati la munthu weniweni. Koma nkhope sanaikhudze. Mpata wa mano unalipo, chipsera chinalipo.

Achinyamata ankadziwa kuti n'chojambula. Akuluakulu a m'komboni ayi. Kwa iwo chinthu chikaoneka pafoni ndiye kuti munthu anaima n'kujambulidwa, ndipo chithunzi sichinama. Sabata isanathe, nkhani inali yoti wamasiye uja amapita ku Harare kukavulira makamera. Amayi awiri a kutchalitchi anabwera kunyumba kudzafunsa amayi athu ngati zili zoona. Lamulungu lotsatira, mlaliki atakhala pansi, achemwali anaimirira n'kutsegula pakamwa. Kumbuyo kwa anyamata kunamveka kakuseka kotsekera m'manja. Mawu awo anatuluka theka n'kuduka. Anayesanso, osatheka. Anakhala pansi, ndipo mayi wina anayambitsa nyimboyo mokweza kwambiri moti tonse tinaisiyira panjira. Kuyambira tsiku limenelo achemwali anasamukira pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Kumapeto kwa mwezi womwewo msuweni anabwera, akumwetulira, kudzationetsa mmene gemu ikuyendera. Ndinamupeza patakishopu pomwepo atazunguliridwa ndi amuna. Sindinamupatse moni.

"Wamuvuliranji?"

"Aiwa msuweni, sindinamuvule," iye anatero. "Ndangomupepuza chabe. Wankhondo amafunika kuthamanga, manje zitsulo zako zija zinali zolemera ngati thirakitala."

M'gemumo munalinso wankhondo wamwamuna, mnzake wa mkaziyo. Ndinamuloza. Ameneyo anali ataphimbidwa ndi chitsulo kuyambira kumapazi mpaka pamphuno.

"Nanga uyu bwanji sunamupepuze? Iye safuna kuthamanga?"

"Uyo ndi mwamuna, amamenya ali padhuze, pafupi ndi zilombo. Mkaziyu amazemba."

"Ndiye muvi ukafika pa ntchafu umayamba wafunsa ngati ndi ya mkazi?"

Amuna aja anaseka. Iye anakanda kumutu.

"Iwe, ndi gemu iyi, haisi hondo chaiyo, si nkhondo yeniyeni. Ali ndi matsenga omuteteza, palibe chingamulase."

"Ngati ali ndi matsenga, tizitsulo tiwirito n'tantchito yanji? Ndipo dzuwa la Okutobala lino, chitsulo pakhungu lopanda nsalu, unayamba wakhalapo pa thirakitala masana utavula buluku? Ku Mutorashanga unapitako iwe? Minga, miyala yakuthwa, udzu wocheka. Ndi zidendene zimenezo safika n'komwe pakamwa pa mgodi, agwa yekha zilombozo zikadali mtulo."

Apa anasiya kuzungulira n'kunena zoona zake.

"Msuweni, osewera ndi anyamata, vanoda kuona, amafuna kuona thupi. Magemu onse ali choncho. Ukamuveka ngati mayi wopita kumaliro palibe angaitsegule kawiri."

"Vula aliyense amene ukufuna. Koma nkhopeyo ndi ya ndani?"

Anandiyang'ana, akumwetulirabe.

"Nkhope unajambula ndiwe."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinachoka amuna aja akusekanso, ulendo uno akuseka ine. Ndinakafika kunyumba ndikulira ndi mkwiyo. Ndinkayembekeza kuti amayi amukhazika pansi mwana wa mlongo wawoyo, amuuze kuti apepese pamaso pa anthu. Koma amayi akamuona amaona nkhope ya malemu amalume, mtima n'kufewa. Anati, "Ndi chisuweni chimenecho. Pa chisuweni palibe mlandu."

Kwathu zimenezi si mawu chabe. Msuweni wako, mwana wa amalume kapena wa azakhali, amatha kukutchula mkazi wake pagulu, kukulanda ndiwo m'mbale, kukunena mphuno ndi miyendo, ndipo iwe ukakwiya anthu amaseka iwe. Ndi mwambo wabwino ukakhala pa ndiwo ndi mphuno. Iye anaugwiritsa ntchito ngati bulangete lofunda pa chinthu chonunkha. Kwa achemwali anangoti, "Ah asisi, ndakupangani sitala wotchuka, bwenzi mukundithokoza," n'kukwera kombi kubwerera kwawo. Achemwali mkwiyo wawo umalowa mkati, umakatuluka ngati mutu ndi kusadya. Wanga umakhala pakhomo n'kumadikira.

Ndinadikira. Tinadzala fodya, tinapalira, tinadula maluwa, tinachotsa mphukira. Lamulungu lililonse ndinkatembenuka kuyang'ana benchi ya pafupi ndi chitseko, n'kuwaona achemwali akungogwedeza milomo popanda mawu, ndipo chakukhosi changa chinkanenepa.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, kuthyola fodya kutafika pachimake, msuweni anatulukira ndi chikwama chachikulu. Zinthu zinali zitamuvuta. Anzake aja anakangana, gemu inaima, kokhala kunasowa. Amayi anamuyalira m'khitchini, kenako anapita kwa kapitawo kukamupemphera ntchito ya nyengo yothyola. Kapitawo anavomera, ndipo poti ine ndathyola fodya zaka zambiri, anati mlendoyo alowe m'gulu langa ndimuphunzitse. Nditamva zimenezo ndinapita kuseri kwa nyumba kukaseka ndekha.

Pali chinthu chimene mwana aliyense wa m'komboni amachidziwa asanadziwe kuwerenga. Fodya wamuwisi akanyowa ndi mame kapena mvula, madzi akewo amalowa pakhungu, ndipo munthu amaledzera ngati wameza ndudu paketi yonse. Mutu umazungulira, thukuta limatuluka lozizira, kenako kusanza kosaleka. Amene sanazolowere ndi amene amagwa msanga. N'chifukwa chake timavala masokosi aja ndi pulasitiki ija. Msuweni anakulira pa phula la ku Harare, fodya ankamudziwira m'paketi basi.

Dzuwa likulowa tsiku limenelo anandipeza ndikutsuka majombo anga.

"Saka msuweni, mawa ndivale chiyani?"

"Mizere ndi yothina ndipo mgwazo, ntchito imene amatipimira pa tsiku, ndi waukulu," ndinamuyankha. "Pamafunika kuthamanga. Vala kabudula ndi vesiti, upepukidwe."

Sanamve kuti ndikumubwezera mawu ake omwe. Anandithokoza.

Achemwali sindinawauze, iwo amagwira ku mabalani, komwe amamanga masamba pa ndodo, ndipo ndinkadziwa kuti angandiletse. Koma ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi asanu ndi mmodzi a m'gulu langa, kuwauza kuti mawa aliyense atseke pakamwa. Onse ankaimba pambuyo pa achemwali kutchalitchi, ndipo palibe anandifunsa kawiri. Mmodzi, wamkulu pa tonsefe, anati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja."

Kunacha mvula itagwa pang'ono, masamba ali tho ndi madzi. Ife tinafika titadzikulunga monga mwa masiku onse, mapulasitiki akulira poyenda. Iye anafika ndi kabudula wa mpira, vesiti yofiira, ndi nsapato zoyera zija. Anatiyang'ana n'kuyamba kuseka.

"Ko imi mwavala zonsezi bwanji, mukupita kumwezi?"

"Ife ndife nkhalamba za kupulazi, timamva chisanu," ndinatero. "Iwe ndiwe wankhondo."

Ndinamuphunzitsa bwinobwino, sindinamubisire kanthu pa ntchito. Umawerama, umathyola masamba awiri kapena atatu akupsa am'munsi, umawapanira kukhwapa, umapita pa mtengo wotsatira, mpaka mtolo wa kukhwapa utakula. Ndinamuuzanso kuti utomoni wa fodya umadetsa nsalu osachokanso, ndiye ngati vesitiyo amaikonda, bola aivule. Anaivula n'kuikoleka pa mtengo. Analowa mumzere chifuwa chili pamtunda, masamba onyowa akumupukuta msana, mimba ndi ntchafu, mtolo wonyowa ataukumbatira pakhungu.

Poyamba anatisiyadi kumbuyo. Anali wopepuka, zimenezo ndivomere. Ankatembenuka n'kumakuwa kuti, "Mwaona? Ndinakuuzani kuti zovala zambiri zimachedwetsa!" Amayi aja anangowerama, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkamuyang'ana msana ukunyezimira ndi madzi, ndipo mumtima ndinkangoti thamanga, mwana wa amalume, thamanga.

Dzuwa litakwera pang'ono anayamba kuchedwa. Ndinamupeza ataima pakati pa mzere, wagwira pachipumi. Utomoni unali utamumata manja ndi miyendo, ubweya wonse utagwirana, dothi litakakamira pamwamba. Anati mwina ndi njala. Ndinamuuza kuti alimbe mtima, mgwazo sunafike n'theka lomwe. Anathyolanso mitengo ingapo. Kenako mtolo unagwa, iye anagwada, n'kusanza tiyi yense ndi buledi amene amayi anamupatsa m'mawa. Anayesa kuimirira, miyendo inakana. Anasanzanso mpaka m'mimba munalibe chotuluka, milomo itayera, thupi lonse likunjenjemera.

Ndinanjuta pambali pake. Sindinamugwire.

"Matsenga aja ali kuti, msuweni?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira, ndipo ndinaona kuti wamva. Ndinasangalala. Ndikulemba mmene zinalili: ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima, ndipo chisangalalo chimenecho chinali chokoma kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadya chaka chimenecho.

Kapitawo anabwera akuthamanga.

"Maiwe! Ndani wamulowetsa m'mame munthu ali maliseche chonchi?"

"Ndi chisuweni, akapitawo," ndinatero.

Anayang'ana amayi aja, anayang'ana ine. Iyenso chithunzi chija anali atachiona. Anangoitana thirakitala. Woyendetsa wake anali yemwe uja wa mluzu pa mjigo, ndipo anamunyamula mwakachetechete n'kumugoneka pangolo pamwamba pa masaka. Ngoloyo inadutsa m'minda yonse, inadutsa pa mabalani, inadutsa pakati pa komboni, iye ali gone ndi kabudula yekha, wakuda ndi utomoni, mutu ukulendewera. Panalibe amene anatulutsa foni. M'komboni nkhani yotere siifuna foni.

Anapita naye kukiliniki, anamupatsa madzi a mchere ndi shuga n'kumuuza kuti agone. Fodya wa mame amatha kumugoneka munthu m'chipatala, ndipo sindinganame kuti sindinkadziwa. Nditaweruka ndinapeza amayi ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ukanandiphera mwana wa mlongo wanga, iwe mfiti!"

"Pa chisuweni palibe mlandu, amayi. Munatero ndinu."

Anakweza dzanja, kenako analitsitsa. Analowa m'nyumba, ndipo sanandilankhule masiku atatu.

Amene anamusambitsa anali achemwali. Anamukhazika pa mpando kuseri kwa khitchini, anamupaka mafuta ophikira kuti utomoni ufewe, n'kumamukhula ndi sopo ndi chisaka. Ubweya unkazuka, iye n'kumalira ngati mwana. Achemwali sanamunyoze, sanamutonthoze, anangokhula. Ine sanandifunse kanthu. Tsiku lachitatu atapezako mphamvu, achemwali anamutulutsira zovala zawo zakumunda. Anamuveka malaya a mikono yaitali, anamukokera masokosi m'manja, anamuboolera pulasitiki, ndipo poti buluku lake linali lopyapyala, anamumanga chitenje pamwamba. Iye anaima phee ngati mwana wopita kusukulu tsiku loyamba. Anayenda choncho pakati pa komboni mpaka kumunda, anthu akumuimbira mluzu, ndipo sanatsutse ngakhale liwu limodzi.

Masana ake tikupuma pansi pa mtengo, anakhala pafupi nane. Anayang'ana masokosi a m'manja mwake nthawi yaitali.

"Mapepala aja anatayika," iye anatero. "Ungajambulenso here?"

Madzulo anatsegula laputopu pamaso pathu tonse n'kufufuta wankhondo wamaliseche uja. Anagwada kwa achemwali n'kuomba m'manja. Amayi analira, akuti basi zatha, magazi ndi amodzi. Koma chimene anafufuta chinali cha mu laputopu yake yokha. Chithunzicho chinali chitayenda kale foni ndi foni mpaka mapulazi oyandikana nafe, ndipo mpaka lero chimatulukira, mwina pa kombi, mwina pa chigayo, munthu wosatidziwa n'kuwayang'anitsitsa achemwali pa nsidze.

Ndinajambulanso. Ndinatenga sabata yathunthu, ndipo chinatuluka bwino kuposa choyamba. Chapachifuwa mpaka m'khosi, mikono, maondo, majombo achitsulo, chishango cha chimbale cha pulawo. Nkhope ndinaibwezera yomwe ija, chifukwa ndinkafuna kuti aliyense amene anawaona atavulidwa awaonenso atavala. Ndinkaganiza kuti mwina akachiona aseka ngati poyamba paja, ndipo Lamulungu abwerera kutsogolo. Ndinawapeza akusadzula nkhwani pakhonde, n'kuwaikira pepalalo pamwendo.

Analiyang'ana kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba. Atafika pankhope anaikapo chala chachikulu.

"Apa napo uphimbe."

"Asisi, koma tsopano mwavala bwino. Anthu aone kuti ndinu."

"Ndati uphimbe."

Anabwerera ku nkhwani wawo. Ine ndinatenga pensulo n'kujambula chisoti chachitsulo chotseka nkhope yonse, chongosiya kampata ka maso. Chipsera chinalowa mkati, mpata wa mano unalowa mkati. Wankhondo ameneyo ndi amene ali m'gemu ya msuweni tsopano, ndipo palibe chingamulase.

Msuweni anatha nyengo yonse yothyola, kenako anabwerera ku Harare n'kukayambiranso gemu ija. Timalankhulana. Akabwera amanditchula mkazi wake, ine n'kumulanda nyama m'mbale, anthu n'kumati onani chisuweni. Achemwali akadali pa benchi ya pafupi ndi chitseko. Lamulungu lapitali mlaliki atakhala pansi, mitu ingapo inatembenukira kumbuyo mwachizolowezi, kenako mayi uja anayambitsa nyimbo mokweza kwambiri ngati kale. Ine sindinaimbe nawo. Ndinakhala ndikuwerenga miyezi yotsala kuti fodya akhwimenso, ndi kuganizira mnzake wa msuweni uja, wa ku kompyuta, amene sindinamuonebe nkhope.